Mpamba si wako: zimene maphunziro a kasamalidwe ka ndalama adandichita

Awa ndi mawu amene adalankhula mayi wina wa m'kalabu yathu, wogulitsa tomato ndi nyemba pa msika wa ku Ulongwe, pa msonkhano wa omvera wailesi. Tawalemba monga adawalankhulira kuti amene sadabwere nawonso amve.

Ndapatsidwa mphindi zochepa, koma mukudziwa kuti munthu wa pamsika akayamba kulankhula sayang'ana wotchi, ndiye ndikatalikitsa wina andikhosomolere.

Sabata yatha, pa pologalamu ya za malonda ija, m'bale wina adaimba foni ku wailesi kuchokera ku Domwe. Adafunsa kuti, "Kodi maphunziro a ndalama amene amabwera ndi mabungwewa amathandizadi, kapena anthu amangopitira fanta ndi mapau?" Tonse amene tinkamvera pansi pa mtengo paja tidaseka. Koma ine funsolo lidandikhala mumtima, chifukwa maphunziro amenewo ndidakhalapo mu 2015, ndipo tsopano ndimathandiza magulu atatu a poupansa kulemba mabuku awo. Ndiye lero ndikufuna ndimuyankhe m'bale ameneyo. Sindikometsa, ndinena zimene ndidaona ndi maso anga, zabwino ndi zoipa zomwe.

Ndiyambe ndi kumene ndachokera. Ine sukulu sindidapite nayo patali. Nthawi ya nkhondo tidathawira ku Dedza, ndipo kumeneko ndi kumene ndidaphunzira kulemba ndi kuwerenga pang'ono. Tidabwerera kuno mtendere utasainidwa mu 1992. Geni ya tomato ndidaiyamba mu 2004, nthawi imene tinkawerengera ndalama m'makontu ndi m'mamiliyoni, boma lisanachotse maziro atatu aja mu 2006. Kuyambira pamenepo mpaka 2015, mpamba wanga udatha katatu. Koyamba adandipatsa ndi amalume. Kachiwiri tidagulitsa mbuzi ziwiri. Kachitatu ndidakatenga katapila, 1,000 metikali kubweza 1,500 pakutha pa mwezi, ndipo ndidachita kulipira ndi chimanga cha m'nkhokwe, ana akuona.

Chodabwitsa nchakuti makasitomala ndidali nawo. M'mawa ndimayala, madzulo dengu lapepuka, pansonga ya kapulana pali ndalama. Koma likafika tsiku lokapikula, ndalama zosakwana. Ndiye ndinkati chiyani? Ndinkati chitaka. Ndinkaika khala m'kachikwama ka ndalama, ndipo mayi wina amene adayala pafupi nane ndidasiya kumupatsa moni chaka chonse, poganiza kuti ndiye amandikokera ndalama. Mayi ameneyo ali moyo, ndipo ndidakamupepesa.

Mu 2015 kudabwera uthenga wakuti bungwe lina likufuna azimayi ndi azibambo a geni kuti akaphunzire masiku asanu. Tidalembetsa anthu 25. Ndinene zoona, tonse tidapita poganiza kuti tsiku lomaliza atipatsa ngongole. Masiku awiri oyamba adatiphunzitsa ndi bambo wa taye wochokera mumzinda. Adadzaza bolodi ndi mawu a Chipwitikizi, activo, passivo, balanço, fluxo de caixa. Ife tinkangogwedeza mitu ngati abuluzi pamwala. Mukandifunsa lero zimene adanena masiku awiri amenewo, palibe chimene ndingakuuzeni.

Tsiku lachitatu kudabwera mayi wachikulire, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi. Sadalembe kanthu poyamba. Adangoloza ine nkuti, "Amayi inu, dengu limodzi la tomato mumapindula zingati?" Ndidayankha mosakayika kuti 400. Ndimagula dengulo 800 metikali, ndimayala milu 60, mulu uliwonse 20, ndiye 1,200. Kuchotsa 800, kutsala 400. Anzanga adaomba m'manja kuti mayiyu masamu amawadziwa.

Mayi uja adati, "Chabwino. Nanga dengulo limabwera lokha kuchokera kudimba?" Ndidati ayi, wanjinga yamoto ndimamulipira 100. "Senya ya msika?" Ndidati 10 patsiku, ndipo dengulo limatha masiku atatu, ndiye 30. "Timapepala toikamo?" Ndidati 30. Adalemba pabolodi: 960. Kenako adafunsa kuti pa milu 60 ija, ndi ingati imene imasandukadi ndalama. Apa mpamene ndidayamba kutuluka thukuta. Tomato woola ndi wophwanyika amakwana milu 6. Basela amene ndimaonjezera makasitomala, tikamuphatikiza, milu 4. Wondiwira kunyumba ndi wopatsa apongozi akadutsa, milu 3. Yotsala 47. Kuchulukitsa ndi 20, ndi 940 metikali.

Abale anga, ndidalowetsa 960, nkutulutsa 940. Masiku atatu padzuwa, kudzuka nkhuku zisanatsike, kuti nditaye 20 metikali. Ndipo pa 940 yomweyo ndinkatapapo ya sopo, ya mchere, ya chigayo, ya chopereka cha kutchalitchi, ndikumati ndikudya phindu. Chitaka uja ndidali ine ndemwe. M'kalasimo mudangoti zii, chifukwa aliyense ankawerengera zake mumtima, wa mandasi, wa usipa, wa kaunjika, wa matabwa.

Zimene mayi ameneyo adatiphunzitsa masiku atatu otsalawo zidali zitatu basi, ndipo ndikupatsani ulere lero, popanda fanta.

Choyamba, ndalama za geni ndi ndalama za pakhomo zisagone m'thumba limodzi. Khalani ndi zitini ziwiri, kapena zikwama ziwiri. Adatiuza kuti mpamba si wako. Mpamba ndi wa geni, monga mbewu ili ya munda. Tonse pano tikudziwa kuti ngakhale njala ivute bwanji mu Janeiro, munthu wanzeru sakazinga chimanga cha mbewu.

Chachiwiri, dzilipireni. Geni ikhale ngati bwana amene wakulembani ntchito. Muone kuti ingathe kukulipirani zingati pa sabata popanda kuonda, mutenge zimenezo tsiku limodzi lokhazikika, muike m'chitini cha pakhomo. Zikatha Lachinayi, zatha. Ngati mwakakamizika kutapa m'chitini cha geni, imeneyo ndi ngongole, muilembe ndipo muibweze.

Chachitatu, lembani zonse, tsiku lomwelo. Zolowa, zotuluka, zoola, basela, zimene mwatengera kunyumba, ndi aliyense amene watenga pangongole. Kaderno ya mwana wa sukulu ndi kaneta, basi. Wina anena kuti ine sinditha kulemba. M'gulu lathu mudali agogo ena ogulitsa thobwa amene sadapondepo m'kalasi. Iwo ankajambula kapu ndi timizere, ndipo ngongole ankawerengera ndi nyemba m'timabotolo, kabotolo kalikonse munthu wake. Buku lawo lidali lolondola kuposa la ena amene adafika sétima classe.

Pambuyo pake, pamene ndidapita ku Tete kukaphunzira zothandiza magulu a poupansa, ndidamva kuti zimene zidatichitikira ifezi anthu ophunzira adazifufuzapo kale. Ku dziko lina la pachilumba lotchedwa República Dominicana adatenga anthu a mabizinesi ang'onoang'ono oposa 1,000. Ena adawaphunzitsa kawerengedwe ka m'mabuku, konga ka bambo wa taye uja. Ena adangowapatsa malamulo apafupi, onga a zitini ziwiri ndi kudzilipira. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2014: amene adasintha kachitidwe kawo ndi a malamulo apafupi aja, makamaka amene sukulu sadapite nayo patali. Ndiye mukamva kuti maphunziro a ndalama, muzifunsa kuti maphunziro ake ati, chifukwa si onse amene ali ofanana.

Tsopano ndifike povuta. Masamu aja si ovuta ayi, mwana wa quarta classe angawathe. Chovuta chili kunyumba.

Ndidayamba ndi bambo a kwathu. Iwo adazolowera kuti madzulo ndikafika amangoti, "Mayi a ana, tapatseniko ya fodya," kapena ya kredito ya foni, kapena yokaonera mpira. Sindinkawamana, ndipo sindinkawerenga. Nditayamba kaderno, ndinkawapatsabe, koma ndinkalemba. Tsiku lina adandipeza ndikulemba, nkuona dzina lawo. Adakwiya zedi. "Kodi mwayamba kundilemba ngati wangongole m'nyumba mwanga momwe? Zimenezi ndiye adakuphunzitsani kumeneko?" Masiku atatu nsima ankadya osalankhula.

Ndidadikira mwezi udathe. Lamlungu lina titachoka kutchalitchi ndidawayalira mphasa, nkuwapatsa kaderno ija kuti aphatikize okha, poti iwo masamu amawatha kuposa ine. Zawo zokha zidakwana 1,300 metikali. Koma sindidawaonetse zawo zokha. Ndidawaonetsanso zanga: kapulana imene ndidagula chifukwa choti anzanga onse agula, mandasi ndi tiyi wa pamsika tsiku ndi tsiku, zovala za kaunjika zimene ana sadavale nkomwe. Zanga zidaposa zawo. Adakhala chete nthawi yaitali, kenako adati, "Ndiye kuti malata aja takhala tikuwadya." Kuyambira tsiku limenelo tidagwirizana kuti pa malipiro anga a pa sabata, iwo ali ndi gawo lawo lodziwika, ndipo chitini cha geni sachikhudza. Azimayi anzanga, mukabisa kaderno, mwamuna amaganiza kuti mukubisa ndalama. Muonetseni, ndipo muyambe ndi zolakwa zanu.

Za achimwene anga ndiye zidandiliza. Mu Novembro chaka chomwecho adabwera kunyumba m'mamawa, kufuna 2,000 metikali ya feteleza. Ndalamazo ndidali nazo, ndipo iwo ankadziwa kuti ndili nazo, chifukwa linali tsiku lokapikula. Kale ndikadangomasula kapulana. Tsiku limenelo ndidati, "Achimwene, zimene zilipozi ndi mpamba, si zanga. Zanga ndi 300 iyi, tengani." Adayang'ana 300 ija, sadailandire. Adati, "Mlongo wanga, kaderno yakoyo ndiye idzakuike m'manda." Adakwera njinga nkumapita.

Mawu amenewo ndi olemera, inu a mfumu mukudziwa. Amenewa ndi achimwene amene adandibereka kumsana pothawa nkhondo, ndiponso ndiwo eni mbumba, ana angawa ndi awo. Dzinja lonse sadaponde pakhomo panga. Amayi adandiitanitsa kumudzi nkundikumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndiponso kuti kupatsa nkuika. Ndipo amayi sadaname. Pamene mwana wanga adagonekedwa m'chipatala, amene adabwera ndi ufa ndi nkhuni si kaderno, adali abale. Usiku ndinkalephera kugona, kudzifunsa ngati maphunziro aja sadandisandutse munthu wouma mtima.

Pa nkhani imeneyi maphunziro sadatipatse yankho. Yankho ndidalipeza ndekha, mochedwa. Ndidaonjeza chitini chachitatu, chimene ndimachitcha cha chibale. Sabata iliyonse ndimaponyamo kangachepe kuchokera pa malipiro anga. Maliro akagwa, wina akadwala, mwana wa mlongo wanga akasowa yunifolomu, ndimatapa m'menemo, ndipo ndimapereka ndi mtima woyera chifukwa ndikudziwa kuti sindikupha geni. Chikatha ndimanena kuti chatha, ndipo ndimachita kuwaonetsa. Chaka chotsatira, mu Outubro, ndidapita ndekha kwa achimwene ndi 1,500 ya m'chitini chimenecho, iwo asanapemphe. Adalandira. Sitidakambe za chaka chatha chija mpaka lero, koma ukwati wa mwana wanga wamkazi adauyendetsa ndi iwo.

Gulu lina lovuta ndi la angongole. Pamsika pali makasitomala aulemu wawo, ovala bwino, amene amati, "Lembani amayi, mwezi ukatha ndidzakuonani." Nditayamba kulemba ndidapeza kuti ndalama zimene zidali m'manja mwa anthu zidali pafupifupi theka la mpamba wanga. Ena adasamutsidwa pantchito nkupita nazo. Lero lamulo langa ndi ili: ngongole yatsopano palibe ngati yakale isanabwere, ndipo munthu mmodzi sapitirira 200. Makasitomala awiri kapena atatu adandithawa. Amene adathawawo ndi omwe aja sankalipira.

Chinanso chimene ndidaona nchakuti nzeru zokha sizikwana ngati ndalama zikugonabe pansi pa pilo. Ndalama yooneka ndi maso imaitana mavuto, ndipo kukana munthu ndalama ili m'manja nkovuta. Mpofunika pokaziika pamene dzanja silifika msanga. Ife tidayambitsa gulu la poupansa. Kachitidwe kameneka kadayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo anzathu a ku Malawi amati banki m'khonde. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo silitsekulidwa pokhapokha gulu lonse lili pompo. Timasonkha sabata iliyonse, timabwerekana pa chiwongoladzanja chimene tidagwirizana tokha, 10 pa 100 pamwezi, ndipo chaka chikatha timagawana zonse pamodzi ndi chiwongoladzanjacho. Yerekezani ndi katapila uja wa 50 pa 100, amene phindu lake limapita kwa munthu mmodzi.

Palinso foni. Kuno kwathu mKesh idayamba mu 2011, M-Pesa mu 2013, kenako e-Mola. Madzulo ndikaweruka, mpamba wa mawa ndimakauika mufoni kwa ajenti, kunyumba ndimafika ndi za pakhomo zokha. Ku Tete kuja adatiuzanso za kafukufuku wa m'dziko lathu lomwe lino, m'misika ya ku Maputo, pa ogulitsa oposa 1,000. Ena adalandira maphunziro okha, ena njira yosungira ndalama mufoni yokha, ena zonse ziwiri. Azimayi amene phindu lawo lidakwera kwambiri, nkukhalabe lokwera patapita zaka, ndi amene adalandira zonse ziwiri. Ofufuzawo adapeza kuti azimayiwo ankalemba mabuku, ankasunga, ndiponso ndalama zopita kwa abale ndi anzawo zidachepa. Nditamva zimenezo ndidakumbuka achimwene, ndidati kani nkhaniyi si ya kwathu kokha.

Koma foni nayo ili ndi zake. Kutapa ndalama kuli ndi mtengo wake, ndiye mukamatapa pang'onopang'ono kasanu patsiku, phindu likuthera momwemo. Zimenezonso muzilemba m'kaderno. PIN yanu musauze munthu, ngakhale ajenti, ngakhale mwana wanu. Ndipo mauthenga aja amati "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", amenewo ndi akuba, musayankhe.

Tsopano ndimuyankhe m'bale wa ku Domwe uja mosabisa. Pa anthu 25 amene tidaphunzira limodzi, amene tikulembabe mpaka lero ndikawawerenga sapitirira asanu ndi awiri. Ambiri adalemba mwezi umodzi, miyezi iwiri, kaderno nkusanduka yoyatsira moto. Palibe amene adabweranso kudzationa. Aphunzitsi adatipatsa masatifiketi, kujambulitsa chithunzi, galimoto nkumapita.

Awiri adatseka geni zawo atangowerengera. Mmodzi ankaphika mandasi, ndipo atawerenga ufa, mafuta, shuga ndi nkhuni adapeza kuti amagwirira ntchito wogulitsa mafuta. Adasiya nkubwerera kudimba, kumene tsopano amalima kabichi ndi mbatata ya kachewere. Amabungwe mwina angati ameneyo adalephera. Ine ndimati adapindula, chifukwa adaleka kutaya.

Koma alipo atatu amene maphunziro adawapweteka. Satifiketi ija idawapatsa mtima wakuti tsopano ndife akatswiri. Adakatenga ngongole zazikulu kumabungwe obwereketsa ndalama, osafunsa kuti pamwezi azibweza zingati ndiponso kuti geniyo imabala zingati. Mmodzi adatenga ngongole yoyamba kubweza mwezi wotsatira nkukagulira soya woti adzagulitse patapita miyezi isanu. Adamulanda mbuzi ndi njinga. Lamulo limene ndimauza magulu anga ndi lakuti, ngati zobweza pamwezi zikuposa theka la phindu limene kaderno yanu ikuonetsa, ngongole imeneyo si yanu, isiyeni. Ndipo ngati mulibe kaderno, simukudziwa phindu lanu, ndiye musabwereke nkomwe.

Zilipo zina zimene maphunziro sangathe. Sangabweretse makasitomala mu Fevereiro pamene anthu alibe ndalama. Sangakonze msewu. Sangaletse kuti tonse tikolole tomato mwezi umodzi mtengo nkugwa. Ifenso a m'malire tili ndi vuto lathu la ndalama ziwiri. Ine ndinkalandira makwacha kwa makasitomala a ku Malawi nkumawasunga kuti ndidzasinthe pamodzi. Mu Novembro 2023 boma la Malawi lidatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100, ndipo nditapita kwa osintha ndalama ndidabwerako ndi zochepa kuposa zimene ndinkayembekeza. Pamenepo kaderno sidandipulumutse. Idangondiuza kukula kwa bala, ndipo kuyambira pamenepo makwacha sagona kwa ine kupitirira sabata.

Nanga ine ndapindulanji? Sindidalemere, mukundiona nokha, ndikadali pa benchi lomwe lija. Koma kuyambira 2015 mpamba wanga sudathenso, ndipo kwa akatapila sindidapondeko. Dengu lija ndidalikonza. Ndimakapikula ndekha kudimba limodzi ndi anzanga awiri, wonyamula timalipira mogawana. Tomato ndimamusankha tsiku loyamba, wofewa ndimagulitsa msanga motsitsa kwa azimayi ophika m'mabaraka asanaole. Basela ndimapereka kwa wogula milu itatu kupita m'tsogolo, osati aliyense. Wa kunyumba ndimagula ndekha kwa ine mwini, ndalama nkuika m'chitini cha geni. Poona m'kaderno kuti tomato amandipweteka miyezi ya mvula, ndidaonjeza nyemba, zimene ndimagula pokolola ndi ndalama za poupansa nkumagulitsa pang'onopang'ono, poti nyemba siziola ngati tomato. Nyumba tidafolera malata mu 2018. Mwana wanga wachiwiri adamaliza décima segunda. Zimenezi kwa ena nzochepa, koma kwa munthu amene adalipirapo katapila ndi chimanga cha ana, si zochepa.

Ndiye yankho langa ndi lakuti maphunziro amathandiza, koma sagwira ntchito okha ngati jekeseni. Amathandiza akakhala apafupi, m'chilankhulo chathu, pa geni yathu yeniyeni. Amathandiza pakakhala posungira ndalama. Ndipo amathandiza ngati a kunyumba alowetsedwamo, chifukwa chitini cha geni chimakhala m'nyumba momwe muli mwamuna, ana ndi abale.

Ndili ndi mapempho atatu ndisanakhale pansi. Kwa amabungwe, ngati mawu anga akafike kumeneko: musatisonkhanitse masiku asanu nkutisiya. Bwerani tsiku limodzi pa sabata, pamsika pomwepo, ndipo mudzabwerenso patapita miyezi itatu kudzaona makaderno athu. Mukaitana mayi, muitanenso bambo ake a pakhomo ngakhale tsiku limodzi. Ndipo musamamangirire maphunziro ku ngongole, ngati kuti wophunzira aliyense ayenera kubwereka.

Kwa a wailesi yathu: mutipatseko mphindi 15 pa sabata, tizitenga geni imodzi, lero mandasi, sabata yamawa njinga ya kabaza, ina ukalipentala, nkuiwerengera pamphepo monga adandiwerengera ine dengu lija. Anthu aziimba foni nkumatikonza tikalakwitsa. Zimenezi zingafike kutali kumene galimoto za mabungwe sizifika.

Kwa inu anzanga a m'kalabu: sindikupemphani ndalama. Aliyense amene ali ndi kageni, ngakhale ka mtedza wokazinga, alembe masiku asanu ndi awiri okha, kuyambira mawa. Zonse, osabisa, ndi za fodya zomwe. Pa msonkhano wotsatira mubwere ndi pepalalo. Amene safuna kuti anzake aone, tidzakhala awiri pambali. Amene satha kulemba abwere ndi nyemba zake, kapena auze mdzukulu amulembere. Ine ndidzafika msanga ndi kaderno yanga yoyamba ija ya 2015, muone nokha mmene zidalili, ndi dzina la bambo a kwathu lili momwemo. Iwo adandiloleza, ali apo akusekawo.

A pulezidenti, ndamva kukhosomola kuja.